Kadontho ka staccato: mavuto omwe kamabweretsa m'makwaya athu ndi kakonzedwe kake

Funso limodzimodzi landipeza ku Ulongué, landitsatira ku Dómuè, ndipo sabata yatha labweranso pa foni kuchokera ku Furancungo: "Achimwene, kadontho kali pamwamba pa noti aka titani nako?" Ochepa amafunsa asanayambe kuphunzitsa nyimbo. Ambiri amafunsa kwaya itaizolowera kale molakwika, Lamulungu lili pafupi. Ndatopa kubwereza yankho lomwelo pa WhatsApp, ndiye ndaliika pamodzi pano. Pezani vuto lofanana ndi la kwanu. Pansi pa vuto lililonse ndayamba ndi chomwe chimalichititsa kawirikawiri, chosowa chili kumapeto.

Choyamba, liwulo likutanthauzanji

Staccato ndi liwu la Chitaliyana, lochokera ku staccare, kutanthauza kulekanitsa zinthu zomwe zinamatirirana. Timalitchula kuti sitakato. Aphunzitsi ena amati destacado m'Chipwitikizi, ndi chinthu chomwecho. Chizindikiro chake ndi kadontho pamwamba kapena pansi pa mutu wa noti. Wolemba nyimbo akatopa ndi timadontho amangolemba stacc., kapena amaika timadontho pa manoti oyamba okha kenako n'kulemba simile, kutanthauza kuti pitirizani chomwecho.

Ntchito yake ndi iyi: liwu lifupike, nthawi yotsalayo pakhale chete. Malo a notiyo m'nyimbo sachepa. Ngati nyimbo ikugunda ka 60 pa mphindi, semínima imodzi, yomwe ndi noti ya kugunda kumodzi, ndi sekondi imodzi. Ikakhala ndi kadontho ka staccato, mumayimba pafupifupi theka la sekondi, theka linalo zii, ndipo noti yotsatira imalowa pa nthawi yake yeniyeni. Theka limeneli si lamulo losasunthika. C. P. E. Bach, wopeka nyimbo wa ku Germany, polemba za kayimbidwe ka zida za makiyi mu 1753, ankafuna kuti manoti oterewa asafike n'komwe pa theka. M'nyimbo yodekha ya mgonero amatalikirapo, m'nyimbo yothamanga amafupikirapo.

Ine pophunzitsa ndimakumbutsa anthu za amayi awiri osinja mu mtondo umodzi. Musi ukagunda umatuluka msanga kuti unzake ulowe, koma kagundidwe sikasintha. Wochedwa kutulutsa musi agundana ndi mnzake, waphuma asokoneza kasinjidwe konse. Mavuto ambiri ali m'munsimu ndi amodzi mwa awiriwa.

Vuto 1: Nyimbo ikuthamanga ikangofika pa staccato

Ili ndiye lofala kuposa onse. Kuti mutsimikize, yatsani metronome ya pa kiyibodi kapena ya pa foni, yomwe imagunda mosasintha liwiro, muyambe nayo limodzi, muone ngati potuluka pa mzere wa timadontho mudakali nayo.

1. Oyimba sakuwerengera chete uja. Afupikitsa liwu, ndiye m'malo modikira theka lotsala akulumphira noti yotsatira. Kukonza kwake: aliyense aponde pansi mwendo umodzi pa kugunda kulikonse, ngati akuyenda. Ayimbe phazi likafika pansi, aleke phazi likanyamuka. Yambani pang'onopang'ono kwambiri, ngakhale ka 50 pa mphindi, muzikweza pokhapokha mipata ikumveka yofanana.
2. Dzanja la wotsogolera. Pofuna kusonyeza kuti manoti ndi afupi, timachepetsa kayendedwe ka dzanja, ndiye dzanja laling'ono limafika msanga. Jambulani wotsogolera pa foni, aone yekha. Si chipongwe, nanenso anandigwira nazo chomwecho.
3. Ng'oma, maseche ndi visekese zikutsatira oyimba m'malo mowagwira. Woyimba ng'oma asasinthe kanthu pofika pa staccato. Muuzeni kuti timadontho timeneto si take.
4. Mpweya ukutha, ndiye anthu akuthamangira pomwe adzapumire. Lembani ndi pensulo malo opumira. Musapume pa mpata uliwonse, mudzadzaza chifuwa mpaka kuchita chizungulire.

Vuto 2: Manoti akumatirirana, mpata sukumveka

Apa ndichedwapo, chifukwa zambiri zikuchokera m'chilankhulo chathu chomwe, ndipo mabuku ophunzitsa kuyimba ochokera kunja sazinena.

1. Maphatikizo athu amathera pa a, e, i, o, u. Wolankhula Chingerezi nthawi zambiri amakhala ndi chilembo chotsekera liwu lake kumapeto. Ife tilibe: ta-ma-nda-ni, chilichonse chimatha kukamwa kuli kotsegula. Palibe chomwe chimaimitsa liwu mwachokha, ndiye limangoyenderera kulowa m'linzake. Kukonza kwake ndi kuimitsa mpweya, kukamwa kukhalebe kotsegula monga kunalili. Yesani chonchi: ikani chikhatho patsogolo pa pakamwa, yimbani "ha, ha, ha, ha" pa noti imodzi. Muyenera kumva timphepo tinayi tosiyana pachikhatho. Kenako chotsani "h" koma mimba izigwirabe ntchito yomweyo.
2. Zilembo za m'mphuno zikudzaza mpata. Tengani liwu loti Ambuye. Maphatikizo ake ndi A-mbu-ye. Oyimba akangoyimba "A" amatseka milomo kukonzekera "mbu", ndipo "mmm" amayamba kulira mkati mwa chete muja. Khutu limamva mzere wosaduka ngakhale aliyense akulumbira kuti wadula. N'chimodzimodzi ndi nd, ng, nj, nz: chikondi, Mulungu, mtendere. Muzichedwetsa "m" kapena "n" ameneyo, alowe pamodzi ndi phatikizo lake, mwachidule, noti yake itangotsala pang'ono kugunda. Kuti mugwire wolakwa, uzani mzere umodzi utsine mphuno poyimba. Yemwe amang'ung'udza mu mpata adzadzimva yekha akutsamwa.
3. Chizolowezi chokoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tikamalankhula timati "Mulu-ungu", "chimwe-emwe". Ndi mmene Chichewa chimayendera, ndipo palibe cholakwika. Koma kadontho kakagwera pa phatikizo limenelo, lilime limakana. Lankhulani mzerewo kaye osayimba, mukuwomba m'manja pa phatikizo lililonse, mpaka onse afanane kutalika. Pena ndimaona kuti wolakwa ndi amene anaika mawu a Chichewa pa nyimbo yochokera m'chilankhulo china. Ngati staccato ikuwononga tanthauzo la mawu, ine ndimakonda kuifewetsa kusiyana ndi kuti mpingo usamve zomwe tikunena.
4. Munthu mmodzi kapena awiri akukokabe. Anthu makumi atatu akadula, mmodzi n'kukoka, mpata wafa. Yimbitsani anayianayi. Mukamupeza, makamaka akakhala mayi wamkulu kapena bambo yemwe wakhala m'kwaya zaka zambiri, musamutchule pagulu. Pitani naye pambali: "Amayi, mawu anu ndi omwe enawa amatsamira, ndiye mukadula inu onse adula." Nthawi zambiri zimenezo n'zoonanso.
5. Nyumba ikubweza mawu. Tchalitchi cha njerwa, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i, chimasunga liwu lililonse kwa kanthawi. Wombani m'manja kamodzi muli chete, mumve kuti phokosolo likutha liti. Likachedwa kutha, fupikitsani manoti kuposa theka ndipo chepetsani liwiro pang'ono. Dziwaninso kuti Loweruka pa ensaio, pokonzekera nyimbo, nyumba imakhala yopanda anthu, pomwe Lamulungu matupi ndi zovala za anthu zimameza mawu. Staccato yomwe inamveka yomatirira Loweruka ikhoza kukhala bwinobwino Lamulungu, choncho musaidule mopitirira.

Kunena zoona, ife a m'chigawo cha Tete sitiyenera kuchita ngati zimenezi n'zachilendo. Anzathu Anyungwe akamavina nyanga, gule wa zitoliro, aliyense amaomba timawu take tochepa, n'kusiya mipata yomwe anzake amalowamo, ndipo nyimbo yonse imatuluka m'kulukana kumeneko. Wokoka liwu lake amatsekera mnzake khomo. Dzina lokha ndi lomwe linachokera ku Italy.

Vuto 3: Kwaya ikutalikitsa noti, kapena ikuigawa, m'malo moifupikitsa

Apa vuto ndi kuwerenga. Pa mapepala omwe amayenda m'dera lathu pali timadontho tosiyanasiyana.

1. Kadontho ka pambali. Kakakhala kumanja kwa mutu wa noti, ndi ponto de aumento: kamawonjezera theka la nthawi ya notiyo. Semínima ya sekondi imodzi ija imakhala sekondi imodzi ndi theka. Ka pamwamba kapena pansi kamafupikitsa liwu, ka pambali kamatalikitsa. Noti imodzi ikhoza kukhala ndi tonse tiwiri.
2. Kadontho ka sol-fa. Nyimbo zambiri zimatifika kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu zolembedwa m'zilembo d, r, m, f, s, l, t, kalembedwe komwe John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo kanabwera kuno ndi amishonale. M'kalembedwe kameneka kadontho ka pakati pa zilembo, monga r.m, kamagawa kugunda kumodzi pawiri, ndipo timadontho tiwiri tosanjikizana timasonyeza poyambira kugunda kwina. Palibe staccato pamenepo. Amene anakulira sol-fa akaona kadontho m'kalembedwe ka manoti a pa mizere isanu amafuna kugawa, amene anakulira mizere isanu akaona sol-fa amafuna kudula. M'kwaya imodzi muli onse awiri, ndiye mkangano.
3. Dothi la fotokope. Pepala lojambulidwa kuchokera ku lina, lomwenso linajambulidwa kuchokera ku lina, limadzaza timadontho topanda mwini. Kwathu tinaphunzitsapo mzere wonse wa atenala ndi staccato pa noti imodzi, kenako tinapeza kuti chinali chitosi cha ntchentche pa galasi la makina. Onani motere: staccato yeniyeni imalunjika pakati penipeni pa mutu wa noti, ndipo kawirikawiri imapezekanso pa mawu ena omwe akuyenda limodzi. Ikakhala pa tenala yekha pomwe soprano, alto ndi besi akuyimba mawu omwewo opanda kadontho, ikayikireni. Zimachitikanso mosemphana: timadontho tenitenito timafufutika.
4. Kadontho kokhala pansi pa kauta ndi fermata, kutanthauza kuti gwirani notiyo mpaka wotsogolera akumasuleni. Timadontho tiwiri pafupi ndi mizere iwiri yoimirira tikutanthauza kubwereza.

Vuto 4: Zikumveka ngati kuuwa, ndipo pakhosi pakuwawa

1. Oyimba akusokoneza kufupikitsa ndi kumenya. Chizindikiro chomenya noti ndi china, chokhala ngati mutu wa muvi wogona. Staccato ikhoza kukhala yapansipansi ngati madontho oyamba a mvula pa malata. Yimbitsani mzere wonse motsitsa kwambiri, kenako mukweze pang'ono popanda kusintha kutalika kwa manoti.
2. Akudula ndi kholingo. Ichi ndiye choopsa. Munthu amatseka pakhosi kuti liwu liime, monga timachitira ponyamula thumba la mbatata, ndiye poyamba noti yotsatira pamamveka kuphulika pang'ono. Gwirani pakhosi ndi zala poyimba. Pakamalimba ndi kudumpha pa noti iliyonse, ndi zimenezo. Ikani dzanja pamimba, sekani "ho, ho, ho" ngati agogo aamuna amva nkhani yokoma. Pomwe pakugundapo ndi pomwe staccato iyenera kuchokera, pakhosi pazingokhala njira.
3. Zilembo ph, th, kh zikutaya mpweya. Pa noti yaifupi, "kha" akhoza kutha yense ali mpweya wokhawokha, liwu lisanatuluke. Fulumizani chilembocho kuti nthawi yambiri ipite kwa "a".
4. Kuyamba ndi staccato mawu asanatenthe. M'mawa wa Juni ndi Julayi kuno kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano, musayambire pamenepo. Ng'ung'udzani kaye, yimbani zokoka, staccato ibwere pakatha mphindi khumi. A kumunsi, mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, vuto lanu ndi lina: kutentha kwa Okutobala ndi fumbi zimaumitsa pakhosi. Botolo la madzi lisasowe.

Vuto 5: Manoti afupika koma achoka pa kiyi

Kawirikawiri n'chifukwa choti woyimba amazolowera kutsetserekera pa noti kuchokera pansi. Pa noti yaitali amakhala ndi nthawi yofika, pa yaifupi amathera m'njira. Yimbani mzerewo mokoka mpaka aliyense audziwe bwino, kenako muzifupikitsa pang'onopang'ono. Chachiwiri, alto ndi tenala sanaudziwe mzere wawo, ankangobisala m'mawu a anzawo. Staccato yangowaulula.

Vuto 6: Chala chachoka koma kiyibodi ikulirabe

Musanaweruze mnyamata wa pa teclado, onani izi motsatana.

1. Mtundu wa mawu omwe wasankha. Strings, Pad ndi Choir amachedwa kuyamba ndiponso amachedwa kutha, chala chichite changu chotani. Sinthani muike Piano. Mpata ukamveka, vuto linali limenelo. Onaninso ngati Dual kapena Layer yayatsidwa, chifukwa pansi pa piyano pakhoza kubisala Strings.
2. Sustain, yomwe imatalikitsa mawu. Phazi likhoza kukhala litatsamira chopondera chake mosadziwa, ndipo makiyibodi ena ali ndi Sustain yoyatsira pa batani kapena m'kati mwa Function. Zulani chopondera, muyesenso.
3. Chopondera chikugwira ntchito chagada: mukaponda mawu akuduka, mukasiya akulira. Zopondera za makampani osiyana sizilumikizidwa mofanana mkati, n'chifukwa chake cha Casio chimatha kutembenuka pa Yamaha. Zopondera zambiri zogula padera zili ndi kaswitchi pansi kapena pambali, kasuntheni. Pa makiyibodi ambiri a Yamaha zimatembenukanso mukayatsa phazi lili pa chopondera. Thimitsani, lumikizani chopondera, chotsani phazi, yatsaninso.
4. Reverb ya pa kiyibodi, kapena Echo ya pa mikisa. Anyamata a zokuzira mawu amaikonda kwambiri Echo, mwina chifukwa imabisa zolakwa. M'nyumba yomwe ikubweza kale mawu, itsitseni mpaka pansi, pa maikolofoni a kwaya pomwe.
5. Kagwiridwe ka woyimba. Amene anaphunzira pogwira makodi ndi dzanja lamanzere, ng'oma za m'kiyibodi zikudziyendera zokha, zala zake zinazolowera kukhala pansi. Aphunzire kusiya kiyi msanga ngati wakhudza chivundikiro cha poto wotentha, dzanja lili lomasuka pa mfundo yake, osati kumenya kuchokera m'mwamba. Pa mawu a Organ kulimba kwa kamenyedwe sikuthandiza kanthu, chofunika ndi nthawi yochotsera chala.
6. Kiyi imodzi kapena ziwiri zikuchedwa kubwerera, kapena zikulira mokweza kuposa zinzake. Limenelo ndi fumbi kapena timphira ta mkati tatha. Pukutani pamwamba ndi kansalu kouma, muzivundikira ndi chitenje mukamaliza. Zamkati onani kumapeto.

Vuto 7: Gitala ndi malipenga

Pa gitala, liwu limapitirira chifukwa palibe chaimitsa nsambo. Mukangokhwatcha, masulani zala za kumanzere osazichotsa pa nsambo, kapena gwetsani m'mphepete mwa chikhatho chamanja pa nsambozo. Nsambo zosagwidwa ndi chala ndi zomwe zimaiwalika, makamaka pa besi.

Pa lipenga, lilime ndi lomwe limayambitsa noti, ngati mukunena "tu". Kulakwa kofala ndi kutsekanso ndi lilime, "tut", kapena ndi pakhosi, ndiye liwu limamveka lotsamwa. Ngati lilime lili bwino koma manoti akupakana, onani mavavu: akamachedwa kubwerera, apukuteni ndi kuthira mafuta ake enieni. Mafuta ophikira amauma n'kumata, musayese.

Vuto 8: Timadontho tili pansi pa mzere wokhota, ndipo atsogoleri awiri akukangana

Wina akuti mzere wokhota ndi legato, kulumikiza. Wina akuti timadontho ndi kudula. Onse aona theka la nkhani. Zizindikiro ziwirizi zikakhala pamodzi zimatchedwa portato kapena mezzo staccato: manoti amalekana pang'ono chabe, mpata waung'ono, mzere ukuyendabe. Kadontho kokhala ndi kamzere kowongoka pamwamba pake kamanena zofanana ndi zimenezo. Kachizindikiro kosongoka ngati mutu wa mkondo woloza pa noti ndi staccatissimo, kufupikitsa kuposa staccato wamba.

Pofunika kuleka n'kuitana odziwa

Za mawu a munthu, pitani kuchipatala ngati:
- mawu asasa kupitirira milungu itatu, ngakhale pasakuwawa
- pakhosi pamawawa nthawi iliyonse mukayimba, ngakhale mwasiya kudula ndi kholingo
- pali chifuwa chopitirira milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda
- mukukhosomola magazi, mukuvutika kumeza kapena kupuma, kapena pakhosi patuluka chotupa: zimenezi musadikire nazo tsiku lina

Mawu akaduka mwadzidzidzi mkati moyimba, munthuyo akhale pansi, asayesenso tsiku limenelo. Kunong'ona sikupumitsa mawu, ndi bwino kungokhala chete. Uchi ndi mandimu zimafewetsa pakhosi koma sizichiza chomwe chavulala. Inu atsogoleri, musamukakamize chifukwa choti ndiye soprano wodalirika.

Za zida, itanani mmisiri ngati:
- mwazula chopondera, mwaika Piano, mwathimitsa n'kuyatsanso, koma manoti akukakamirabe
- makiyi akufuna kutsegula mkati. Mapulasitiki ndi timawaya ta mmenemo sitichedwa kuthyoka, ndipo musathiremo mafuta kapena mankhwala opopera
- kiyibodi ikuzima yokha, ikununkha kupsa, kapena adaputa ikutentha mosagwirika. Zulani pomwepo. Yerekezani mavoti olembedwa pansi pa kiyibodi ndi a pa adaputa, makamaka inu ogwiritsa ntchito sola, batire ndi inveta
- vavu ya lipenga yapindika kapena yakanirira. Pulayala idzangoiphwanya

Za pepala, ngati mwayerekeza makope awiri kapena atatu koma sakugwirizana, funsani mphunzitsi wa nyimbo wodziwa kuwerenga kalembedwe konse kawiri, sol-fa ndi mizere isanu, kapena mwini nyimbo ngati ali wofikirika. Mutumizireni chithunzi cha tsamba lonse, chojambulidwa masana, pepala lili loyalidwa bwino. Ambiri mumanditumizira noti imodzi yokha yokulitsidwa, ndipo pa chithunzi chotere kadontho ka staccato ndi chitosi cha ntchentche zimaoneka chimodzimodzi.